Dothi Silinamizidwa

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene ntchito ya misewu ndi zomangamanga, tcherani khutu. Ndikudziwa, maso anu ali pa rola. Mukufuna kukwera, anzanu akuoneni muli pamwamba. Palibe choipa. Koma rola ndi chitsulo chabe, sidziwa kuti pansi pake mwathira chiyani.

Thirani pang'ono. Ndikubwereza, thirani pang'ono. Dothi likhale lokhuthala mamilimita 150, mukachulutsa 200, mutsendere, kenaka muthire lina. Mphamvu ya rola imachuluka pamwamba, ikamatsika imanka nichepa. Mukalola matipa kukhuthula mulu wofika m'chiuno n'kungoyendetsapo rola, pamwamba padzasalala ndithu, koma pansi padzakhala pofewa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi sindinazimve kwa munthu. Tinkakwirira m'mbali mwa kalavati, mitambo itayamba kale kuda. Rola yaikulu sinkatha kufika pafupi ndi mapaipi, ndipo kakompakita kamanja ndinkakaona ngati kotichedwetsa. Ndinali kapitawo, ndinalamula kuti dothi lonse alikankhiremo kamodzi. Linatha dzinja limodzi lokha. Msewu unatitimira mbali zonse ziwiri za kalavatiyo, galimoto zikamadutsa n'kumagunda pansi. Tinaphwanya phula, tinachotsa miyala, tinafukula zonse mpaka pa mapaipi, kampani ikulipira yokha. Ntchito inandithera pomwepo. Chowawa kwambiri chinali dzina. Pa ntchito zathuzi anthu amadziwana, ndipo kulikonse kumene ndinkapita nkhani inkakhala itafika kale. Chaka chimenecho fizi ya mwana wanga analipira ndi mlamu wanga.

Tsopano za madzi, poti apa mpamene ambiri amagwa. Dothi louma silimvera, timibulu take timakana kuyandikana. Lonyowa kwambiri nalonso silimvera, chifukwa madzi adzaza mipata yonse ndipo madzi satsendereka. Pali muyezo wake pakati. Injiniya wina wa ku Los Angeles, Ralph Proctor, ndiye anaonetsa zimenezi mu 1933, ndipo mpaka lero a ku labu amasinja dothi m'kachitini kachitsulo kuti apeze madzi oyenera. Mukamva injiniya akuti akufuna 95 peresenti, akuyerekeza ntchito yanu ndi kulimba kumene dothi lomwelo linafika ku labuko.

Inu labu simuyenda nayo, koma dzanja muli nalo. Tapani dothi, lifumbateni. Likayoyoka, itanani bawuza. Likasiya matope m'zala, lanyowa mopitirira. Likaumbika n'kusweka pawiri bwinobwino, lafika. Ndipo mukaona pansi pakuchita nyekunyeku rola ikamadutsa, imani. Musaonjezere maulendo, mungotha dizilo. Gireda igalauze, dzuwa liumitse, muyambirenso.

Dziwaninso dothi lanu. Dongo limafuna rola ya mano, yolowa m'kati n'kulikanya. Mchenga ndi gilavulo zimafuna rola yosalala yonjenjemera. Dothi lapamwamba, la udzu ndi mizu, chotsani lonse, pakuti mizu ikaola imasiya mphako. Makande aja a ku Chigwa cha Shire, ofufuma nthawi ya mvula n'kung'aluka m'chilimwe, musalimbane nawo ngati dothi wamba. Funsani injiniya. Safunsa anadya phula.

Wa ku labu akabwera kudzakumba kabowo n'kuthiramo mchenga wake woyezera, musamulozere pamene mukudziwa kuti mpolimba. Musamugulire fanta. Mulekeni asankhe yekha. Kulephera lero kumangotengera maola ochepa ndi madzi a bawuza. Kulephera phula litathiridwa, mwamva kale zimene kunandichita.

Pomaliza, matupi anuwo. Amayi anu akukudikirani kuti mubwerere kunyumba ndi miyendo yonse iwiri. Woyendetsa rola kapena gireda saona amene waima kumbuyo kwake, ndipo phokoso la injini limameza kukuwa kwanu. Ngati simukuona maso ake, iyenso sakukuonani. Musagone pamthunzi wa makina nthawi ya nkhomaliro. Musagone, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tsiku limene adzakupatseni makiyi, mangani lamba, ndipo musayandikize rola m'mphepete mwa dothi lothira kumene, chifukwa m'mphepetemo ndi momwe simunatsendereke ndipo mumagumuka mosachenjeza. Mukamatsika, imitsani pamalo athyathyathya, kokani buleki, zimitsani injini, makiyi muike m'thumba.