Kukoka mano akumbuyo kuti atseke mpata wa dzino lozulidwa

Dzino lotafunira limene limamera mwana ali ndi zaka 6 ndi limene limafulumira kubowoka n'kuzulidwa. Mpata wake ungatsekeke popanda dzino loikirira: dokotala amamanga mawaya n'kukokera kutsogolo dzino lotsatira, kenako lakumapeto limene limamera pomaliza. Zoyambirira n'zachidule. Jambulitsani nsagwada kuti aone ngati dzino lomalizalo lilipo komanso ngati fupa silinaphwe, matitsani mano obowoka, chiritsani nkhama. Pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo angakupimeni, koma mawaya mukawapeza ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa Thyolo. Mtengo wake muwerengere mamiliyoni a kwacha, thiransipoti padera.

Pamene anthu amagwa m'mbuna ndi pa maulendo obwereza. Dzino silithamanga. Limasuntha milimita imodzi pamwezi zikayenda bwino, lam'munsi mwina theka lake, pamene mpatawo ndi wa mamilimita 10 kapena kuposerapo. Ndiye kuti zaka ziwiri kapena zitatu mukupita kukamangitsa mawaya pakatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Tsono ngati mumagwira ntchito pa esiteti ya tiyi, lingalirani za kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi ataphuka ku Satemwa, ku Makandi kapena ku Conforzi, kapitawo akuwerenga makilo, ndipo kujomba tsiku n'kutaya ndalama. Munthu amati ndipita mvula ikatha. Mphamvu ya lasitiki wokoka imatha, kachitsulo kogwira waya pa dzino kamamatuka, dzino limene linayamba ulendo limapendekeka, ndipo pansi pake pamasanduka nkhokwe ya zotsalira za nsima. Musadumphe tsiku lanu. Musanalipire ndi tambala yomwe, pemphani dokotala akuuzeni kuti maulendo akhala angati, mukambirane ndi abwana anu, ndalama ya minibasi ya miyezi ya mvula muisungiretu. Ndibwereze: ngati Januwale ndi Febuluwale simungapite, musayambe n'komwe.

Ena amati dzino lakumbuyo lidzasendera lokha. Kwa mwana wa zaka 8 mpaka 10, amene dzino lotsatiralo lidakali m'fupa, zimatheka ndithu, n'chifukwa chake nthawi yozulira iyenera kusankhidwa ndi dokotala. Kwa wamkulu, mutu wa dzino umagwera mumpata, muzu n'kutsala pomwe unali, ndipo dzino lam'mwamba limatsika posowa lokumana nalo. Kumeneko si kutseka mpata. Enanso amati kuyamba n'kulekeza panjira kuli bwino kusiyana n'kungokhala. Ayi. Mawaya osiyidwa m'kamwa amawoletsa mano amene anali abwinobwino, ndipo ndalama yapita. Za omanga dzino ndi lasitiki kunyumba sindifuna n'kuzimva, chifukwa lasitikiyo amalowa m'nkhama mpaka dzino kugwedera.

Mpata ukatsekeka adzakupatsani kogwirizira mano kovala usiku. Kavaleni, apo ayi mpata utsegukanso. Amene waona kuti maulendowa sangawakwanitse afunse za dzino loikirira lovula, limene ndi lotchipa ndipo limatheka pa maulendo ochepa.