ZA MALUNGO OLOWA M'BONGO

Mbvula ikagwa ndi udzudzu ukacuruka m'madambo, pamenepo maliro a tiana acurukanso m'midzi mwathu. Ife oyendera midzi tiona cinthu ici kawiri kawiri: mwana atentha thupi masiku awiri, nayamba kuphupha ndi kutembenuza maso, nagona tulo tosadzuka. Pomwepo akuru ayamba kufunsana, Wamlodza ndani? kapena, Wamsempha ndani? Ndipo pakufunsanapo dzuwa lirikupita.

Madotolo a pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre anafunsa funso lina, ndilo lakuti, Cimene cipha mwana wotere nciani? Kuti nthendayo ndiyo malungo anadziwa kale. Tizirombo tace, todza ndi udzudzu, tikhala m'kati mwa timbulu tofiira ta mwazi. Ndipo timbulu todwalato timamatira m'timitsempha ta m'bongo, monga zinyalala zitseka ngalande. Koma ana ena anafabe atalandira mankhwala akupha tizirombo, ndipo cifukwa cace sicinaoneka bwino.

M'caka ca 2008 anaimika pa cipatalapo makina, dzina lace MRI, akujambula za m'kati mwa mutu wa munthu wamoyo, osamceka. Dotolo Terrie Taylor ndi Dotolo Karl Seydel, pamodzi ndi anzao, anajambula ana 168 okomoka ndi malungo, nalalikira zimene anapeza m'caka ca 2015. Mwa anawo anamwalira 25. Ndipo mwa iwo akumwalira, 21 anafika bongo wao utatupa kwakukuru. Mwa ana 143 amene anacira, otupa cotero anali 39 okha.

Tsono timvetse bwino kutupaku. Mwendo ukatupa, khungu litanuka niliupatsa malo. Koma bongo ukhala m'cigaza, ndilo pfupa losatanuka. Tiyerekeze nyemba zobviikidwa m'cipanda ca pakamwa pang'ono: zikafufuma, zikankhana kunka pakamwapo, popeza potulukira pena palibe. Momwemo cigaza ciri nalo boo pansi pace, pamene bongo ulumikizana ndi msana. Ndipo pomwepo pali tsinde la bongo, limene lilamulira kupuma kwathu usana ndi usiku, tiri m'tulo kapena tiri maso. Bongo wotupa ukatsikira pa boolo, upsinja tsindelo, ndipo mwana aleka kupuma, mtima wace uli cigundire. Mlengi anaika cinthu cofewa cotere m'linga lolimba kuti acichinjirize. Koma pa nthenda iyi linga lomwelo licipanikiza.

Cotonthoza ndi ici: mwa ana amene anacira, zithunzi za masiku otsatapo zinaonetsa kuti kutupako kunaphwa. Cifukwa cace nchito ya cipatala ndiyo kupha tizirombo msanga ndi jakisoni wa artesunate, amene analowa m'malo mwa kwinini, kuletsa kuphuphako, ndi kusunga mwana kufikira masiku oopsawo apita. Izi sizicitika pa mkeka wa kwathu. Mwana akakomoka, timgoneke cammbali. Tisampane supuni pakamwa, tisammwetse phala kapena mizu, pakuti wokomoka sameza, ndipo madziwo alowa m'mapapo. Tinyamuke naye usiku womwewo. Kupemphera nkoyenera ndithu, koma munthu akhoza kupemphera ali pa njira. Ndipo ife akulu a mpingo tisaumirize banja kulinda kufikira titasonkhana.

Katsala kanthu kena kamene katicititsa manyazi. Mwana wocira abwera kwao, koma bongo wace nthawi zina utsala ndi zipsera. Pa cipatala comweco analondola ana 132 ocira nthendayi, ndipo m'caka ca 2010 anadziwitsa kuti 12 a iwo anayamba kugwa khunyu pambuyo pace. Ena anabvutika kulankhula, kuyenda kapena kukhazikika. Ana otere tawaona alikudya pa okha, ndi mbale yao yao, ndipo anzao a m'kalasi awathawa akagwa, poopa thobvu la pakamwa. Khunyu silipatsirana, ngakhale ndi malobvu, ngakhale ndi mpweya. Ndipo mankhwala akuliletsa alipo ku cipatala, akumwa tsiku ndi tsiku osadumpha. Mwana wotere akhale pa benci limodzi ndi anzace, koma asaothe moto kapena kusamba kumtsinje ali yekha.