Galasi la pa bokosi la pampu likalemba, werengani

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za bokosi limene limayendetsa pampu yamagetsi m'masikimu a ulimi wothirira. Pachitseko chake pamakhala kagalasi kolemba mawu ndi manambala, ndiponso mabatani angapo. Alimi ambiri amadziwapo awiri okha, loyatsira ndi lozimitsira. Zimene galasi likulemba amati n'za amisiri. Maganizo amenewa adapsetsa pampu ku sikimu ina kumene ndinkalangiza.

Mudali mu Seputembala, chimanga chikumasula ngaiyaye. Madzi m'chitsime adatsika, pampu n'kuzima yokha, galasi n'kulemba kuti DRY RUN. Bambo amene adali pa ntchito yothirira tsikulo adadina batani la RESET, pampu idalira pang'ono n'kuzimanso. Atatopa nazo adapotoza switchi kuchoka pa AUTO kupita pa MANUAL, pampu n'kumalira osazimanso. Pofika madzulo mota idali itapsa. Padatha masabata atatu kuti kalabu isonkhe ndalama zokonzetsera, ndipo chimanga chidasowa madzi pa nthawi imene chimawafuna koposa. Mondokwa amene alimi ankayembekeza kukagulitsa adabereka zisononkho za mano apatalipatali.

Ndidapezanso kulakwa kwanga pamenepa. Ndidawaphunzitsa kabzalidwe ndi kathiridwe ka feteleza, koma sindidaimepo nawo pa bokosi lija.

M'kati mwa bokosili muli kakompyuta kolimba kotchedwa PLC. Makina oterewa adayamba ku America cha m'ma 1969, pamene Dick Morley ndi anzake adapanga Modicon 084 yoyendetsera makina m'mafakitale a galimoto a General Motors. Pambuyo pake kudabwera ting'onoting'ono, monga LOGO! ya kampani ya Siemens imene idatuluka mu 1996, ndipo toterewa ndi timene timapezeka pa mapampu ena. PLC imalandira uthenga kuchokera ku zipangizo zoyeza madzi m'chitsime ndi m'thanki, ndi zoyeza magetsi amene mota ikudya. Ikaona choopsa imazimitsa pampu. Koma payokha singakuuzeni chifukwa chake. Galasi lija, limene amisiri amalitcha HMI, ndilo limakuuzani, ndipo mabatani ake ndiwo njira yanu yoilamulira.

Mawu amasiyana malinga ndi amene adakonza bokosi, koma awa ndiwo amaonekaoneka:

1. DRY RUN kapena LOW LEVEL: madzi achepa m'chitsime. Pampu ya m'madzi imazizira ndi madzi omwewo, choncho ikayenda popanda madzi imatentha n'kupsa. Dikirani kuti chitsime chidzaze.

2. OVERLOAD: mota ikudya magetsi opitirira muyeso wake. Kawirikawiri mumakhala mchenga kapena zinyalala m'pampu, kapena mabeyaringi atha.

3. PHASE LOSS: mota zikuluzikulu zimayendera mawaya atatu a magetsi a 400 volts. Waya umodzi ukasiya kubweretsa magetsi, mota imang'ung'udza ndi kutentha msanga. Musaiyatse mpaka magetsi abwerere onse.

4. LOW VOLTAGE: magetsi afooka. Magetsi akafooka mota imakoka ambiri kuti igwire ntchito yomweyo, ndiye imatentha.

Nanga kalabu ichitepo chiyani?

Choyamba, pamene mmisiri akumanga bokosi, musamulole kuchoka asanakufotokozereni chenjezo lililonse. Lembani tanthauzo lake m'Chichewa papepala, likulungeni m'pulasitiki ndi kulimata pakhoma pafupi ndi bokosi. Mufunsenso ngati zotetezera mota zimagwirabe ntchito switchi ikakhala pa MANUAL, pakuti m'mabokosi ena sizigwira.

Chachiwiri, gulani kope la sukulu. Aliyense woyatsa pampu alembe tsiku, nthawi, ndi nambala ya maampeya imene galasi likuonetsa. Yerekezani nambalayi ndi imene idalembedwa pa kachitsulo ka dzina la mota kapena m'buku lake. Mukaona kuti ikukwera sabata ndi sabata, itanani mmisiri pampu isanafe. Ngati galasi limaonetsa maola amene pampu yayenda, alembeninso, akuthandizani pogawana bilu ya magetsi.

Chachitatu, batani la RESET limangofufuta chenjezo, silikonza chimene chalakwika. Lidineni mutapeza vuto ndi kulichotsa. Chenjezo lomwelo likabweranso, zimitsani pampu.

Chachinayi, sankhani anthu awiri kapena atatu odziwa kuwerenga, amayi ndi achinyamata omwe, kuti akhale oyang'anira bokosi. Nambala yachinsinsi yosinthira miyeso ikhale ndi iwo okha. Koma batani lalikulu lofiira lozimitsira mwadzidzidzi aliyense alidziwe.

Chachisanu, bokosi likhale pamthunzi, posadontha, ndipo lotseka kuti musalowe fumbi, nyerere kapena abuluzi. Galasi lipukuteni ndi kansalu kouma, ndipo musalibaye ndi msomali kapena kamtengo. Kutsegula m'kati ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi yekha.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ku sikimu ija tsopano kuli pepala pakhoma ndi kope pamsomali, ndipo DRY RUN ikalemba anthu amakapalira kaye podikira madzi. Inunso sabata ino pitani ku bokosi lanu, mukaone ngati mukudziwa tanthauzo la mawu onse amene galasi limalemba.