Kunyamuka Bwino ndi Galimoto ya Otomatiki

Galimoto zambiri zimene zimabwera m'Malawi kuchokera ku Japan ndi zosintha zokha magiya, zimene anthu amazitcha za otomatiki. Galimoto yotere ili ndi zopondera ziwiri zokha, buleki kumanzere ndi moto kudzanja lamanja. Kilachi palibe. Poona zimenezi ena amayesa kuti palibe choti n'kuphunzira, chonsecho ngozi ikhoza kuchitika pakhomo penipeni galimoto isanafike ndi kumsewu komwe.

Chofunika kudziwa poyamba n'chakuti galimoto imeneyi imayenda yokha. M'malo mwa kilachi, zambiri zili ndi chipangizo chodzaza mafuta chotchedwa torque converter. Injini ikamalira imatakasa mafutawo, ndipo mphamvu yake imafika ku matayala ngakhale dalaivala asanaponde moto. Choncho giya ikakhala pa D kapena pa R, munthu akangochotsa phazi pa buleki galimoto imayamba kukwawa. M'mawa injini ikali yozizira imalira mothamanga, ndipo kukwawako kumakhala kwamphamvu. Liwiro lake silisiyana kwenikweni ndi la munthu woyenda pansi, koma ngakhale kagalimoto kakang'ono kamalemera pafupifupi makilogalamu 1,000. Kulemera kotere n'kokwanira kuthyola miyendo ya mwana wopanikizidwa kukhoma. Mwana wamng'ono akaima kumbuyo saoneka pagalasi, n'chifukwa chake dalaivala wanzeru amayamba wazungulira galimoto asanalowe.

Atakhala pansi ndi kumanga lamba, dalaivala aonetsetse kuti giya ili pa P ndipo handibuleki ndi yokoka. Aponde buleki ndi phazi lamanja, kenaka alize injini, imene imalira pokhapokha giya ili pa P kapena pa N. Phazi likadali pa buleki, asunthe giya kufika pa D ngati akupita kutsogolo, kapena pa R ngati akubwerera m'mbuyo, ndipo ayang'ane chilembocho ndi maso m'malo modalira dzanja lokha. Adikire sekondi imodzi kapena ziwiri kuti giya igwire. Akatero atsitse handibuleki, ayang'ane m'magalasi ndi m'mbali, ayatse indiketa, n'kuyamba kutukula phazi pang'onopang'ono. Galimoto ikayamba kukwawa ndi pamene phazi lipite pa moto, chidendene chili pansi.

Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuponda moto giya isanagwire. Galimoto imadzambatuka, mitu ya okwera imakankhikira m'mbuyo, ndipo magiya amawonongeka msanga. Munthu wathanzi angangodandaula, koma mayi amene matenda ayamba, wodwala wothyoka fupa kapena amene wangochitidwa opaleshoni amamva ululu weniweni pa kugwedezeka kulikonse. Amene amanyamula odwala ayenera kusamala koposa.

Phazi lamanzere lilibe ntchito m'galimoto imeneyi, ndipo likhale phee pambali. Anthu amene anazolowera galimoto ya kilachi amavutika ndi lamuloli masiku oyamba: phazi limafunafuna kilachi, n'kupeza buleki, ndipo galimoto imaima mwadzidzidzi pakati pa msewu. Choopsa china ndi kusokoneza zopondera. Dalaivala akadzidzimuka akhoza kuponda moto poyesa kuti ndi buleki, ndipo poona kuti galimoto ikuthamanga amapondanso mwamphamvu. Zikatere achotse phazi lonse ndi kuliika mwatsopano pa chopondera chachikulu cha kumanzere.

Pachitunda, monga pa msewu wokwera phiri la Zomba, kukwawa kuja sikukwanira ndipo galimoto ikhoza kubwerera m'mbuyo. Apa dalaivala asiye handibuleki ili yokoka, aike giya pa D, aponde moto pang'ono mpaka amve kuti galimoto ikufuna kupita, ndiye atsitse handibuleki. Kuimika galimoto pachitunda pongoponda moto kumatenthetsa mafuta a magiya.