Kompyuta ya mu ofesi ikakana kutsegula

Munthu wochokera ku Malomo, ku Madisi kapena kumidzi ya m'mapiri a Ntchisi amalawirira mbandakucha, kulipira njinga ya kabaza ndi kufika ku boma kuti akonzetse dzina lake pa mndandanda wa Mtukula Pakhomo kapena kulipira chiphaso cha bizinesi. Akauzidwa kuti kompyuta yakana, tsiku lake ndi ndalama ya ulendo zimapita pachabe. Komatu kompyuta sikana mwakachetechete. Imalemba uthenga pa sikirini wonena pamene pavuta, ndipo wogwira ntchito amene wauwerenga modekha amatha kukonza vutolo m'mphindi zochepa, kapena kudziwa kuti ndi lofunika katswiri. Phunziroli likukhudza makalaliki, alembi a makomiti a VDC ndi ADC, ngakhalenso anthu amene amadikira pa benchi panja.

Zimene zimachitika polowa

Wogwira ntchito akalemba dzina ndi pasiwedi pa kompyuta ya Windows, pamachitika zinthu zitatu motsatizana. Choyamba, kompyuta imaona ngati dzina ndi pasiwedi zikugwirizana. Chachiwiri, m'maofesi amene makompyuta analumikizidwa pamodzi, imafunsa kompyuta yaikulu yotchedwa seva ngati munthuyo ndi wololedwa. Chachitatu, imatsegula profile ya munthuyo, yomwe ili ngati kabati yakeyake mmene mumakhala Desktop, foda ya Documents ndi zonse zimene anaika mwa kufuna kwake. Uthenga uliwonse wa vuto umachokera pa chimodzi mwa zitatuzi.

Pasiwedi ikakanidwa

Uthenga woti "The user name or password is incorrect" ndi wosavuta. Kawirikawiri batani la Caps Lock limakhala litayatsidwa, kapena la Num Lock litazimitsidwa, motero zilembo ndi manambala sizituluka monga mwini akuganizira. Nthawi zina kiyibodi imakhala itasinthidwa kuchoka pa kalembedwe ka ku Britain kupita pa ka ku America, ndipo chizindikiro cha @ chimasamukira pa batani lina. Kubwereza pasiwedi yolakwika kambirimbiri n'kosathandiza, chifukwa m'maofesi ambiri akaunti imadzitseka yokha pakapita maulendo angapo.

Seva ikasowa

Uthenga wonena kuti "no logon servers available" ukutanthauza kuti kompyuta yaitana seva koma sinayankhidwe. Choyamba kuona ndi waya wa netiweki kuseri kwa kompyuta, ngati walowa bwino ndiponso ngati timagetsi take tikuphethira. Magetsi akangobwera kumene, seva ndi zida za netiweki zimachedwa kudzuka kusiyana ndi kompyuta ya pa tebulo, choncho kudikira pang'ono n'kuyesanso kumakwanira.

Wotchi nayo imasokoneza. Nthawi ya pa kompyuta ikasiyana ndi ya pa seva kupitirira mphindi 5, seva imatha kumukana munthu ngakhale pasiwedi ili yolondola. Kompyuta yakale imene imaonetsa tsiku lolakwika m'mawa uliwonse imakhala kuti kabatire kake ka mkati, kofanana ndi ndalama yachitsulo, ka mtundu wa CR2032, katha mphamvu. Koma uthenga wotchula "trust relationship" ndi wa mkulu woona za makompyuta yekha, pakuti umafuna kulumikizanso kompyutayo ku seva.

Desktop ikaoneka yopanda kanthu

Vuto limene limaopsa anthu kwambiri ndi ili. Munthu walowa bwinobwino, koma chithunzi chake cha pa sikirini chasintha, mafayilo onse sakuoneka, ndipo palembedwa kuti "You've been signed in with a temporary profile" kapena "We can't sign in to your account". Nthawi zina uthenga umanena kuti Desktop "is unavailable". Pena kompyuta imakaniratu kulowa ndi mawu oti "User profile cannot be loaded".

Apa Windows yalephera kutsegula kabati ya munthuyo, ndipo yamubwereka ina yongoyembekezera. Chimene chimayambitsa kawirikawiri ndi kuzima kwa magetsi pamene kompyuta inali mkati molemba fayilo yosunga dongosolo la profile, yotchedwa NTUSER.DAT. Disiki yodzaza kwambiri, kapena pulogalamu yolimbana ndi mavairasi imene yagwira fayiloyo pa nthawi yolowa, zimabweretsanso vuto lomweli.

Mafayilo akale nthawi zambiri amakhala alipobe, mu foda ya Users pa disiki C, pansi pa dzina la mwini wake. Choopsa chili pa ntchito yatsopano: chilichonse chosungidwa mu profile yongoyembekezerayo chimafufutika munthu akangotuluka. Kalaliki amene watha tsiku lonse akulemba maina a mabanja a mudzi wathunthu, n'kuwasunga pa Desktop yobwerekayo, mawa lake sapeza ngakhale dzina limodzi.

Tsono njira yoyenera ndi iyi. Wogwira ntchito ajambule uthengawo ndi foni kapena aukopere pa pepala liwu ndi liwu. Ngati walembapo kale kanthu, akasunge pa fulashi. Kenaka atuluke, azimitse kompyuta mwadongosolo ndi kuiyatsanso, kawiri kapena katatu ngati n'kofunika, pakuti vuto la fayilo yogwidwa limatha ndi zimenezi. Likapitirira, aitane woona za makompyuta ku khonsolo ndi kumuwerengera uthengawo. Safunsa anadya phula: kupereka kompyuta ya boma kwa wokonza mafoni pa msika kuti aikemo Windows yatsopano kumatha kufufutiratu mafayilo amene akanapulumuka.

Kupewa

Kompyuta izizimitsidwa ndi batani la Shut down, osati pa soketi ya pakhoma. Ofesi imene ili ndi UPS iziyesa batire lake, chifukwa ntchito ya chipangizochi ndi kupereka mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino magetsi akathima. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ziphaliwali za m'mapiri muno zimawononga zida kudzera m'mawaya, choncho ndi bwino kuzula mapulagi poweruka. Mafayilo ofunika azikopedwa pa fulashi kapena pa seva sabata iliyonse. Pasiwedi isabwerekedwe ngakhale kwa mnzake wa mu ofesi, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta popanda chilolezo. Makonsolo akumbukirenso pokonza bajeti kuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025.

Mbali ya anthu a m'mawodi

Alembi a VDC ndi ADC asunge kope la pa pepala la mndandanda uliwonse umene apereka ku ofesi, lokhala ndi tsiku ndi siginecha ya wolandira. Munthu amene wabwezedwa chifukwa cha kompyuta ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu tsiku loti abwerenso ndi nambala ya ofesi yoti ayimbepo asananyamuke. Vuto likamabwerezabwereza pa ofesi imodzi, nkhaniyo ipite kwa khansala wa wodiyo kuti akaitule ku msonkhano wa khonsolo, kumene kumakambidwa za ndalama zogulira UPS ndi kukonzetsa zida.