Utsi wa Mbaula ndi Cibayo ca Ana

M'miyezi ya June ndi July ana ambiri a m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika mu Chipata amayamba kutsokomola. Makolo amati ndi cisanu. Koma kawirikawiri bvuto lalikulu ndi zimene banja limacita pothawa cisanuco: kulowetsa mbaula m'nyumba, kutseka mazenera, ndi kutsekera nsanza pansi pa citseko.

Mwana wamng'ono amapuma mofulumira kupambana munthu wamkulu, ndipo njira zake za mpweya ndi zazing'ono. Utsi wa malasha, wa nkhuni ngakhale wa koloboi uli ndi tinthu tosaoneka ndi maso timene timalowa mpaka mkati mwa mapapo. Tinthuto timafooketsa tiubweya timene timasesa dothi ndi tizilombo m'njira ya mpweya, motero cimfine wamba cikhoza kutsikira m'cifuwa ndi kusanduka cibayo. Bungwe la World Health Organization likunena kuti pa ana osakwana zaka 5 amene amafa ndi cibayo, pafupifupi theka imfa zao zimacokera ku utsi wa m'nyumba.

Amene amaumwa kwambiri utsiwo ndi mwana wa kumsana. Mai akawerama kukupiza mbaula, nkhope ya mwana imabwera pamwamba pa moto. Coipa kwambiri ndi cizolowezi coyatsira malasha ndi mapulasitiki. Amayaka msanga, inde, koma utsi wake ndi woopsa. Ndipo malasha akafiira, utsi n'kuleka kuoneka, sikuti ngozi yatha. Amatulutsabe mpweya wochedwa carbon monoxide, wopanda fungo, umene ungaphe banja lonse lili m'tulo. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, ngakhale mabanja okhala ndi sitovu anabwerera ku mbaula.

Mbaula iyatsidwe panja ndipo kuphika kucitike panja kapena pakhonde. Pophika, mwana atsitsidwe kumsana ndi kupatsidwa kwa wina. Usiku mbaula isagone m'nyumba. Mwana abvekedwe juzi ndi cisoti, afunde bulangeti, ndipo zenera lisiyidwe lotsegukako pang'ono, makamaka kumene anthu ambiri amagona m'cipinda cimodzi. Abambo okoka fodya akokere kutali ndi ana.

Katemera wa cibayo wochedwa PCV anayamba kuperekedwa mu Zambia m'caka ca 2013, ndipo amapezeka kwaulere ku sikelo ya ana.

Mwana akamatsokomola, makolo awerenge mpumo wake kwa mphindi imodzi iye ali phee. Wosakwana miyezi 2 akapuma maulendo 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa caka 1 mpaka zaka 5 akafika 40, apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati popuma, kapena mwana wakana kuyamwa, asadikire kuti kuce.