PHUNZIRO: MLANDU WA MUNDA WA TEJON

Kodi mwini munda angathe kucita nao monga afuna, kapena anthu ena ali ndi mau pa munda umenewo? Tiphunzire funso ili poona mlandu wa ku California, m'dziko la Amereka.

Ca kumpoto kwa mzinda wa Los Angeles kuli munda waukuru wochedwa Tejon Ranch, wa maekala 270,000. Anausonkhanitsa ndi Edward Beale, pogula malo anai pakati pa caka ca 1855 ndi ca 1866. Amawetamo ng'ombe, nalimamo mphesa ndi mitengo ya mtedza. Kumeneko cipululu ca Mojave cikomana ndi mapiri ndi cigwa ca conde, ndipo cifukwa cake kuli zomera ndi nyama za mitundu yambiri. Kumaulukanso muimba wamkuru wochedwa kondo, amene anatsala pang'ono kutheratu: m'caka ca 1987 mbalamezi zinatsala 27 zokha pa dziko lonse.

Eni munda anati: nyumba zasowa m'California, mtengo wake wakwera, timange midzi yatsopano. Oteteza cilengedwe anati: malo otere akapasulidwa sabwereranso. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mau omveka, pakuti munthu wosowa pogona ali pa bvuto lenileni, ndipo nkhalango yomangidwapo mseu yatayika kwa ana ndi adzukulu omwe.

M'caka ca 2008 eni munda anapangana ndi mabungwe asanu, ena mwa iwo Sierra Club ndi Audubon California. Maekala 240,000, ndiwo pafupifupi magawo asanu ndi anai mwa khumi, anapatulidwa kuti asamangidwepo. Mabungwewo analonjeza kusatsutsa zomanga pa maekala otsalawo. Koma mlandu sunathere pomwepo. Akuru a boma la Los Angeles atalola mudzi wa Centennial, wa nyumba zoposa 19,000, mabungwe ena amene sanalowe m'panganolo anakasuma ku bwalo. M'caka ca 2021 woweruza anapeza kuti ngozi ya moto wa m'thengo ndi ya mpweya wotenthetsa dziko sinayesedwe mokwanira, ndipo mu 2023 analamula kuti cilolezo cija cifafanizidwe.

Tiphunzirepo ziwiri. Coyamba, umwini uli ndi malire: madzi, mpweya ndi zamoyo za pa munda waukuru zikhudza anthu amene maina ao sali pa kalata ya malo. Caciwiri, pangano limanga okhawo amene anakhala pa bwalo. Osiyidwa kunja adzabwera tsiku lina ndi mlandu wao.

Mafunso okambirana:
1. Kodi mabungwe asanu aja anacita bwino kulola gawo limodzi kuti apulumutse magawo asanu ndi anai?
2. Ndani ayenera kulankhulira osowa nyumba, ndipo ndani alankhulire ana osabadwa?